Usavule jekete ija, mwana wanga

Magomero
Chiradzulu

Mwana wanga wokondedwa,

Chilankhulireni nawe pa foni Lamulungu lapitali sindikuona tulo. Bambo ako akuti ndikungodzivuta, koma iwo anali kudimba nthawi imeneyo, sanamve zimene ndinamva ine. Unanena zambiri zondikondweretsa, koma pakati pake unaponyapo mawu ena ukuseka. Unati jekete yoyandamitsa ija imatentha, imakupana m'khwapa, ndiye akuluakulu akayang'ana kumbali umamasula malamba ake, mwinanso kuivula kumene, poti kusambira tsopano ukukutha. Mayunitsi anandithera ndisanakuyankhe. Ndiye ndati ndilembe, mawuwa ukhale nawo m'thumba ngakhale kumene foni sigwira.

Msuweni wako naye ankatha kusambira, kuposa iweyo. Munaphunzirira limodzi mumtsinje wa Namadzi, ndipo ndi iye amene ankakukoka ukayamba kumwa madzi padziwe la kumunsi kwa madimba. Atapita kunyanja kukalowa m'gulu la alovi, ankatitumizira usipa m'matumba, amalume ako n'kumamutchula paliponse pamene akhala. Usiku umene anapitawo unali wa mu July. Anzake anatiuza kuti anali atalawako pang'ono pagombe, osati moledzera, kungothamangitsa mphepo. Mwera unawapeza ali pakati, nyali zitayaka kale, chilimira chili m'madzi, boti n'kugudubuzika. Amene anakangamira zigubu anawatola m'mawa ali moyo. Iye, podziwa kuti ndi katswiri, anasiya chigubu nayamba kusambira kulunjika kumtunda.

Iwe unali kusukulu, sitinakuuze zonse. Ine ndi amene ndinaperekeza amalume ako, kukwera pa Namadzi, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde mpaka kugombe kuja. Tinakhala pamchenga kuyang'ana madzi, asodzi akupita n'kubwera chimanjamanja, kufikira mfumu ya pamalopo inatiuza mwaulemu kuti tizibwerera. Tinabwera ndi chikwama chake chokha. M'manda muja munkapalira chaka chatha mulibe munthu, mwana wanga, tinaikamo thunthu la nthochi monga anatisiyira makolo. Mayi ake mpaka lero akamva galimoto yaima pamsewu amatuluka m'nyumba.

Pobwerera tinadikira minibasi pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ili m'mbali mwa mlatho. Pamenepo pali chikumbutso cha sitima ya Vipya. Inali sitima yachitsulo, yatsopano, yokhala ndi kaputeni ndi antchito odziwa nyanja, koma pa 30 July 1946 namondwe anaigubuduza kumpoto, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatsalira m'madzi. Mwezi womwewo wa July, mphepo yomweyo. Amalume ako anawerenga, osayankhula kanthu. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya la nyanja kumene lero ndi ku Tanzania. Ntchito yakoyo ya usilikali wa pamadzi sinayambe lero panyanja imeneyo. Koma ine mfuti sindiyo ikundisowetsa tulo. Ndi madzi.

Usaganize kuti sindikunyadira. Tsiku lomaliza maphunziro anu ku MAFCO ku Salima ndinalulutira mpaka mawu kutha, ndipo atati akutumiza ku Monkey Bay mudzi wonse unadziwa ndisanafike pakhomo. Ndikudziwanso chimene chinakukoka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagumula mapiri a kuno ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje, unkakhalira pa wailesi kumvera za asilikali amene ankatsitsa anthu m'mitengo ndi pamadenga ndi maboti awo. Unati nawe ukufuna udzakhale m'boti lotero. Mulungu wakuyankha.

Zonse unandifotokozera zija ndazibwereza kwa amayi a kumpingo. Kuti mumadzuka tambala asanalire, kukolopa sitima yonse, kupukuta zitsulo mpaka kunyezimira, iwe amene mphasa yako ndinkachita kukupindira. Kuti mumaphunzira kumanga mfundo za zingwe zosamasuka, kuponya ndi kukoka nangula, kuwerenga mapu ndi kampasi, kuzimitsa moto. Kuti kumalo a injini kumatentha, fungo la dizilo n'kukulowa m'zovala ndi m'malovu momwe. Kuti pogona m'pothithikana, munthu kutembenuka n'kugunda mnzake, ndipo usiku mumalondera mosinthana, wina akadzuka wina n'kukagona. Masiku oyamba aja unkasanza chilichonse, nsima ikuthawa m'mbale sitima ikapendekeka, ndinamva chisoni, koma zimenezo zimatha. Uzidya ndithu ngakhale mtima ukuchita nseru, m'mimba mopanda kanthu chizungulire chimakula.

Koma unandiuzanso chinthu china, ndipo ndikufuna uchimve kuchokera pakamwa pako pomwe. Unati amakuphunzitsani zochita munthu akagwera m'madzi: amaponya chinthu m'nyanja, wina n'kukuwa, wina n'kumachilozabe ndi chala osachotsapo maso, sitima ikukhota kuti ikachitole. Unati pamafunde mutu wa munthu umasowa msanga, chimene chimaoneka ndi mtundu wowala wa jekete. Nanga iwe ukagwa utavula, adzaloza chiyani anzakowo? Ndipo udzagwa liti? Sikudzakhala masana nyanja ili bata, iwe utavala kabudula. Kudzakhala usiku pa ulonda, tulo tili m'maso, pansi pali ponyowa, majombo ndi yunifolomu zili m'thupi. Mwina pogwapo mutu udzamenya chitsulo. Munthu wokomoka sasambira, kaya anaphunzira kuti. Jekete imamuyandamitsa ngakhale iye asakudziwa kanthu, koma ikhale yomanga malamba, chifukwa yomasula imavuka yokha pogwera m'madzi. Akuluakulu ako akamakukalipira za malambawo sakukuzunza, aona zambiri panyanjapo.

Madzi ndikuwadziwako nane. Ndili mtsikana, ndisanakumane ndi bambo ako, ndinkachita geni ya matemba ndi agogo ako. Tinkapita ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, nthawi zina n'kuwolokera pachilumba cha Chisi m'boti lopalasa ndi nsungwi zokankhira pansi. Ndinkakonda ulendo umenewo, mphepo ikundiomba kumaso, ndalama nditamanga pansonga ya chitenje. Koma mphepo ikasintha, opalasa aja ankasiya nthabwala, agogo ako n'kundigwira dzanja mpaka kufika. Imeneyo ndi Chilwa, nyanja yoti nsungwi imagunda pansi, yoti mu 1995 inaphwa anthu n'kumayenda pansi pouma. Kumene uli iweko, chakumpoto kwake madzi amazama mamita 700. Ndipo miyezi ino, kuyambira May mpaka August, ndiyo ya mwera. Kuno kukangochita chiperoni, nkhungu n'kukuta phiri la Chiradzulu, ine mtima umathamangira komweko.

Za mowa sindichulutsa: ngati mawa mukulowa m'madzi, lero usalawe, ngakhale kapu yothamangitsira mphepo. Malipiro akatuluka atsikana a kugombe adzakudziwa dzina, udzisunge. Katapila ndi njuga za pafoni usaziyandikire. Asodzi mukawapeza pakati uziwalankhula ngati anthu, ndi ana a eni ake monga analili msuweni wako. Ukagona kumtunda uzikunga neti, ndipo m'madzi oima a m'bango usamasambemo, muli likodzo. Uzipemphera.

Kuno tilipo. Nandolo wachita bwino, chimanga ndiye chochepa. Mbuzi yako yaswa awiri. Mlongo wako ali kalikiliki ndi mayeso a Fomu 4, akuti umugulire nsapato ukalandira. Agogo ako miyendo ikuwavutabe, akufunsa ngati kumeneko kalongonda amapezeka. Bambo ako akupereka moni, malata awiri aja akhoma.

Amalume ako anabwera dzulo madzulo. Sindinawauze zimene unanena pa foni, ndinaopa. Anafunsa za iwe, n'kukhala chete nthawi yaitali, kenaka anati ndikuuze kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iwo alibenso mwana wamwamuna, amene akumuwerengera ndi iweyo.

Ndikudziwa kuti uli pakati pa anyamata, ndipo pakati pa anyamata womanga malamba onse amaoneka wamantha. Akuseke. Uziwauza kuti amayi anga ndi ovuta, anandilumbiritsa, mlandu ukhale wanga. Kutentha kwa jekete kumatha dzuwa likapendeka, zotupa za m'khwapa ndikutumizira mafuta. Ine ndinakusenza miyezi isanu ndi inayi osakutula ngakhale kunkatentha, iwe ungalephere kusenza kansalu kameneko maola ochepa?

Chonde mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Sindinakuletse usilikali, sindinakuletse nyanja, sindikupempha ndalama. Nthochi ndinaika kamodzi, manja angawa sangathenso. Usavule jekete ija. Usamasule ngakhale lamba mmodzi, kaya akuluakulu akuona kaya sakuona, kaya nyanja yagona bwanji. Ukawerenga kalatayi undiimbire, usatumize uthenga wolemba ayi, ndikufuna ndimve ndi makutu anga ukulonjeza. Ukapanda mayunitsi ungoflasha, ndikakongola kwa aneba ndikuimbire ine. Chonde, bambo anga, undimvere pa chimodzi chokhachi.

Ndine mayi ako.