Nifuna cabe mbewu 12

Kumbuyo kwa nyumba imene nicita lendi ku Mtendere kuli kamalo kocepa, pakati pa cipupa na waya wa zovala. Masaka anayi a unga a 25 kg akwana ndendende. Mu Epulo caka catha n'naganiza zobyalamo ma Irish, cifukwa macipisi anali kunidyela ndalama maningi. Saka imodzi imalandila mbewu zitatu. Conco n'nali kufuna mbewu 12 cabe.

Kupeza mbewu 12 mu Lusaka ni nkhani. Mu shopu ya zaulimi mu tauni, mnyamata wa pa kaunta ananifunsa kuti, "Mahekita angati, abwana?" N'tamuuza za masaka anga anayi anaseka, koma osati mwacipongwe. Mbewu yoyesedwa imabwela m'matumba akuluakulu, yolinganizila alimi a mafamu. Kumasula thumba cifukwa ca munthu mmodzi sangacite.

N'nacita zimene tonse timacita. N'nagula kamulu pa msika, ma Irish odya aja, osalala, akulu ngati cibakela. N'nawaika pansi pa bedi milungu itatu. Ena anakana kumela, ena anatulutsa tumizu toyela, tutalitali, tothyoka ukangokhudza. Amene anamela anakula bwino mwezi umodzi, ndiyeno tsiku lina masamba anafota ali obiliwila, dothi lili lonyowa. N'nathilila kambili. Yakufota sinali ludzu. N'tadula tsinde, munatuluka zoyela zonanda, zonunkha.

Amai n'tawatumila foni ku Katete sanadabwe. "Mwanawe, cakudya na mbewu ni zinthu ziwili," anatelo. Mbatata ya pa msika siudziwa munda umene yacokela. Matenda ofotetsa amayenda mkati mwa mbatata yeniyeniyo, kunja ikuoneka bwino, ndipo amatsalila m'dothi. Dothi la masaka onse anayi n'nataya. Apo ndiye panawawa, pakuti n'nacita kulituta na wilibala yobweleka.

Caka cino n'nayamba na anthu, mbewu pambuyo. Pa gulu la WhatsApp la mu yadi mwathu na ku chechi tinapezeka anthu 7, kuphatikizapo alandilodi, amene poyamba anali kudandaula kuti masaka anga aipitsa cipupa. Tinasonkha, tinagula thumba limodzi la mbewu yoyesedwa, n'kugawana pa khonde. Panali kukangana pang'ono, aliyense afuna zikulu. Ine n'nasankha zing'ono, zolingana na dzila la nkhuku, cifukwa zimenezo umabyala zathunthu, osadula, ndipo siziola msanga.

Pansi pa bedi n'naleka. N'naziyala m'thileyi ya mazila pafupi na windo, pamene pali kuwala koma dzuwa silimenya. Tumphukila tunatuluka tufupi, tonenepa, tobiliwila. Saka n'naipinda pakati, n'kuboola pansi kuti madzi azituluka, n'kumawonjezela dothi mbewu ikamakula. Mbatata ikaonekela kunja imasanduka yobiliwila, ndipo yotelo siidyedwa. Matimati n'nawasamutsila kutsogolo kwa nyumba, cifukwa ni acibale na ma Irish, matenda awo ni amodzi.

Patapita miyezi itatu na hafu masamba anauma okha. N'nakhuthula masaka pa simenti. Zinatuluka zosakwana ndowa ziwili, zina zing'ono ngati mabo. Sizinanilemeletse. Alandilodi anapeza zoculuka kuposa ine, ndipo mpaka lomba amanikumbutsa m'mawa uliwonse nikamapita ku nchito.