Tsiku limene zilembo zinakana kuoneka

Mphunzitsi mnzanga, kodi munakonzekerapo phunziro bwinobwino koma kompyuta n'kukuchititsani manyazi? Ine zinandionekera mu 2009 ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Ndinkaphunzitsa kuwerenga amayi achikulire amene makolo awo anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Ndinafuna kuwaonetsa masewera a zilembo pa intaneti, koma panangooneka kabokosi kopanda kanthu. Pankafunika Flash Player, kapulogalamu kamene kankathandiza browser kuonetsa zithunzi zoyenda.

Ndinayesa kukaika katatu konse, osatheka. Gogo wina anati, "Aphunzitsi, bwanji tingobwerera pa bolodi? Dzuwatu likupita." Tinaterodi.

M'mawa mwake ndinapeza pamene panali vuto. Fayilo imene ndinakopera ku internet cafe inali yoduka chifukwa magetsi anathima isanathe kutsika. Komanso ndinkayesa kuiika browser ili chitsegukire. Nditatenga fayilo yathunthu n'kutseka browser, zonse zinayenda.

Inunso zikakuvutani, musafulumire kunena kuti kompyuta yafa. Onani kaye ngati fayilo yatsika yonse, ngati muli ndi chilolezo cha administrator, ndiponso ngati eni ake akusamalirabe kapulogalamuko. Kampani ya Adobe inasiya kusamalira Flash pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 Flash sinatsegulenso kanthu. Ngati muli ndi maphunziro akale a Flash, yesani Ruffle.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayeseratu zonse dzulo lake, ndipo choko sichichoka m'thumba mwanga. Nanga inu, kompyuta itakana lero, mungaphunzitse bwanji?