Ndinakachita manyazi ku Khajuraho

Ndinafika ku Khajuraho, m'chigawo cha Madhya Pradesh ku India, dzuwa likuswa mtengo. Pachipata anyamata ogulitsa tiziboliboli anandizinga, kunenerera mitengo ngati pamsika.

Akachisi ambiri kuno anamangidwa ndi mafumu a Chandela pakati pa 950 ndi 1050. Akuti analipo 85, koma otsala ndi pafupifupi 25. Pamakoma ena pali ziboliboli za amuna ndi akazi ali m'chikondi, poyerayera. Abale, ndinagwira pakamwa!

Kachisi wakale kwambiri, Chausath Yogini, ndi wa milungu yaikazi 64. Chiphunzitso cha Tantra chimati Shakti, mphamvu yolenga zonse, ndi yachikazi, ndipo thupi ndi njira yofikira kwa milungu.

Ndinapita kukaseka zamaliseche, koma pobwerera ndinali phee, ndikudzifunsa kuti kodi ife amayi timawalemekeza motani.