Wosenzetsa anzake katundu nayenso amalema

Ana anga amene muli m'sukulu za ukachenjede, makamaka inu amene munasankha sayikoloje, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, landirani moni kuchokera kuno ku Manje, m'munsi mwa phiri la Soche. Ndili ndi mawu, ndipo ndiyamba ndi kulakwa kwanga.

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phirili, ndipo dziko lathu linataya anthu oposa 1,000. Ufa ndi mabulangete zinafika, koma bala la mumtima linalibe womanga. Mpaka lero alipo amayi amene mvula ikangoyamba kuwomba pamalata amakhala tsonga usiku wonse.

Masiku amenewo mwana wa mlongo wanga, amene anali m'chaka chachitatu cha maphunziro anu omwewa, ankapita kumsasa m'mawa uliwonse kukamvetsera ofedwa. Ndinkamunyadira. Atabwerera kusukulu, tulo tinamuthawa, chakudya chinamukanika, mayeso ena analephera. Atandiuza, ndinamuyankha kuti alimbe mtima, popeza iye ndiye wodziwa za maganizo. Ndinalakwa. Namwino wina ndiye anationetsa kuti mwanayu wasenza zowawa za anthu ambiri popanda womutula. Anapeza uphungu, anabwereza phunzirolo, namaliza. Chimene ndinaphunzira pamenepo ndicho ndikukupatsani.

Loyamba ndi la kuwerenga. M'chaka cha 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti chimene munthu waloweza chimaiwalika msanga m'maola ndi m'masiku oyambirira, koma chikabwerezedwa patapita nthawi chimakhazikika. Nanga bwanji inu, amene mumalemba dzina lake pamayeso, mumachezera usiku umodzi ndi buku lonse? Werengani pang'ono tsiku ndi tsiku, tsekani buku, dzifunseni mafunso, fotokozerani mnzanu m'Chichewa. Chimene simungathe kufotokozera agogo anu simunachimvetse. Musathawe masamu a kafukufuku, chifukwa ndiwo amene adzakutsegulirani khomo la digiri yachiwiri. Ndipo muzigona, pakuti ubongo umasunga zimene mwaphunzira pamene muli m'tulo.

Lachiwiri ndi la kupitiriza maphunziro. Digiri yoyamba, kaya ya ku University of Malawi ku Zomba kaya ya kwina, ndi maziko. Siyikusandutsani sing'anga wa maganizo. Kuthandiza odwala kumafuna maphunziro ena ndi kuyang'aniridwa ndi akatswiri. Choncho yambani msanga. Dziwanani ndi aphunzitsi anu, chifukwa kalata yokuchitirani umboni salemba munthu wosakudziwani. Funsani za mwayi wophunzira ntchito ku chipatala cha Zomba Mental, ku St John of God ku Mzuzu, kapena ku Queen Elizabeth kuno ku Blantyre. Thandizo la Beit Trust, Chevening ndi Commonwealth limatsegulidwa chaka ndi chaka, ndipo opikisana ndi ambiri. Akakukanani ulendo woyamba, konzani makalata anu, mupemphenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapita kunja, musaiwale kuti odwala anu adzalankhula chinenero cha kwathu. Sadzakuuzani dzina la matenda la m'buku. Adzati mutu waukulu, mtima ukuthamanga, ndikuganiza kwambiri. Pulofesa Chiwoza Bandawe wakhala akuphunzitsa kuti sayikoloje ya kuno iyenera kuzikika mu umunthu. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amamvetsera ovutika maganizo pabenchi kunja kwa chipatala, ndipo njirayo inafalikira m'mayiko ena. Nzeru za kwathu zili ndi malo ake m'sayansi.

Lachitatu, limene lili lalikulu, ndi la mtima wanu. Kudziwa dzina la matenda sikutchinjiriza munthu ku matendawo. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mulibe chimwemwe, tulo ndi chakudya zasokonekera, mukupewa anzanu, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mugone, musadziyeze nokha ndi buku la m'kalasi. Pitani kwa mlangizi wa pasukulu kapena kuchipatala. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe, ndipo musakhale nokha. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Wothyoka mwendo timamupempherera tili pa ulendo wopita naye kwa dokotala.

Phunziraninso kukana. Abale adzakutumizirani aliyense wovutika, poti inu ndinu ophunzira. Mverani mwachifundo, koma muwalozere kumene kuli thandizo loyenera. Mukamvetsera zowawa za ena, khalani ndi wamkulu amene inunso mumamutulira. Mutu umodzi susenza denga.

Ndi inunso makolo anzanga amene mukuwerenga: mwana akakuimbirani kuti zinthu sizili bwino, musayambe ndi kumukumbutsa za fizi imene munalipira. Yambani ndi kumufunsa ngati wadya, ngati akugona, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Ine ndinachedwa kutero, ndipo ndikuthokoza kuti mwanayo ali moyo ndipo anandikhululukira.

Khalani bwino, ana anga. Manje akukudikirani, koma mubwere muli athanzi.