Thireyi Yophikira Masikono: Tisankhe Chitsulo Chotani?

Ife a ku Lundazi timadziwa kusankha ufa. Pamsika wa pa Boma timaugwira, kuununkhiza ndi kufunsa kumene wagayidwa. Koma za chitsulo chimene timaikapo masikono, mabisiketi a mtedza ndi chikondamoyo, ndi ochepa amene amafunsa. Chikhalirecho chitsulo chimenechi chimakhala pamoto pamodzi ndi chakudya, ndipo zina zimene zili m'menemo zimathera m'mimba mwa ana athu.

Mathireyi ambiri m'midzi mwathu ndi okhoma amisiri. Luso ali nalo ndithu, koma amakhoma chimene apeza: malata otsala pofolera nyumba, zitini za penti, migolo yakale. Malata amanyezimira chifukwa anawakuta ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Zinki imasungunuka pa madigiri 420, ndipo makala a pambaula akakolera amapsa kuposa apo. Malata ndi a padenga basi. Penti wina, makamaka wakale, ali ndi mtovu. Nanga mgolo kapena chitini chimene munali mankhwala opopera thonje kaya fodya? Ngakhale titsuke kangati, chimenecho sichiyeneranso kuona chakudya.

Mtovu tiyenera kuuopa kwambiri chifukwa sununkha ndipo sumveka pakamwa. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, ndi kuononga ubongo wa mwana kotero kuti amavutika kugwira za kusukulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe muyeso wa mtovu, ngakhale wochepetsetsa, umene tingati ndi wosavulaza. M'dziko lathu lino umboni uli ku Kabwe: mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka zambiri ana a m'makomboni oyandikana nawo anapezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi. Ku Cameroon, kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti mapoto oumbidwa ndi aluminiyamu wotoleza, wosungunula pamodzi ndi zidutswa za injini ndi zinyalala zina, amatulutsa mtovu pophika.

Tsono tisankhe chiyani? Choyamba ndi aluminiyamu watsopano wa kufakitale, wochindikala bwino. Amayendetsa kutentha pafupifupi kanayi kuposa chitsulo wamba, motero masikono a pakati ndi a m'mphepete amapsera limodzi. Sachita dzimbiri, ndiponso ndi wopepuka. Akakhala wopyapyala kwambiri amapindika pamoto, mabisiketi n'kupserera mbali imodzi.

Chachiwiri ndi chitsulo chakuda chosapaka kanthu, chimene mmisiri angatikhomere titamugulira tokha chatsopano. Chimakhalitsa zaka, koma chimafuna chisamaliro: kuchiumitsa tikatsuka, kuchipaka mafuta a mpendadzuwa ndi kuchiotcha pang'ono kuti chide ndi kuterera. Popeza chinthu chakuda chimamwa kutentha msanga, makala a pansi tichepetse, ambiri akhale pa chivundikiro.

Chitsulo chosachita dzimbiri, chija amapangira masupuni, sichivulaza munthu, koma chimayendetsa kutentha mwaulesi ndipo mtengo wake ndi wokwera. Mathireyi opaka zakuda zoletsa kumatirira amayenera uvuni wamagetsi. Zopakazo zimayamba kuonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260, ndiye pambaula sizikhalitsa.

Tikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, ndipo amayi ambiri amalipirira ana sukulu ndi masikono omwewa. Koma thireyi yabwino timagula kamodzi, pamene mwana akapwetekedwa ndi mtovu nzeru zake sizibwereranso. Amayi a m'gulu limodzi angathe kusonkherana ndi kugula ziwiri zomabwerekana. Tikumbukirenso kuti masikono athu ambiri amadyedwa ndi ana a eni pazipata za masukulu, ana amene makolo awo sanaonepo khitchini yathu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tikapita kwa mmisiri, funso loyamba likhale lakuti: "Bambo, kodi chitsulochi chinali chiyani kale?" Za mtengo tikambe pambuyo.