Tikamadula kanema wa pa Sabata

Pa koleji pano palibenso mwambo umene umatha osajambulidwa. Mapemphero otsegulira Sabata, sabata ya pemphero, kwaya ikamaimba, ngakhale ife ophunzira zauphunzitsi tikamayeserera kuphunzitsa pamaso pa anzathu, pamakhala wina ataimika foni. Kujambulako sikuvuta. Ntchito imayamba Sabata likatha, tikakhala pansi ndi kanema wa maola awiri n'kumafunsana chosiya ndi chochotsa. Ambirife tinadziphunzitsa tokha CapCut pa foni, ndipo dzanja limathamangira zokometsera: zilembo zouluka, chithunzi chozungulira ngati tayala la njinga, piyano yolira pansi pa chilichonse. Zimasangalatsa wopangayo, koma woonera sapindula nazo kanthu.

Choyamba kusamala ndi mawu. Munthu amapirira chithunzi chamdima, koma sangathe mphindi zitatu akumvera ulaliki womveka ngati abusa ali m'mgolo. Foni yoikidwa kumbuyo kwa tchalitchi imatola kukhosomola, kulira kwa khanda ndi mvula ya pa malata kuposa wolalikira. Ndi bwino kutenga mawu ku mikisa ya zokuzira mawu, kapena kuika foni yachiwiri pa gome pafupi ndi wolankhulayo. Tisanayambe, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kuombako kumaoneka ngati kansonga pa mzere wa mawu, ndipo tikalinganiza nsonga ziwirizo milomo ndi mawu zimayendera limodzi. Pulogalamu yaulere ya Audacity imachepetsa phokoso losalekeza la jenereta kapena fani, koma mawu amene anasweka chifukwa chokwezetsa sabwereranso mwakale. Kuphethira kwa mababu kumene timakuona m'makanema ena nakonso kumayambira pojambula: magetsi athu ndi a 50 Hz, pamene mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi. Foni ikalola, tisankhe 25 kapena 50.

Zonsezi ndi za luso, ndipo munthu angaziphunzire m'masabata ochepa. Chimene chimatilemera ndi mphamvu ya kudula. Zaka pafupifupi 100 zapitazo, katswiri wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya mwamuna wongoyang'ana, n'kuchilumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi atagona pa mpando. Oonera anaona njala pa nkhopeyo, kenako chisoni, kenako chilakolako, chonsecho nkhope inali yomweyo. Tanthauzo linabadwira pa mfundo yolumikizira zithunzi ziwirizo.

Tsono tibwere nazo m'tchalitchi mwathu. Abusa akudzudzula chigololo kapena kubisa chakhumi. Ife tikufuna kubisa pamene kamera inagwedezeka, ndiye tikuikapo chithunzi cha mlongo wina atazolika. Mwina iye ankangofufuza vesi m'Baibulo, mphindi 20 ulalikiwo usanafike pamenepo. Koma kanemayo akafika m'magulu a WhatsApp a ku mpingo wa kwawo, anthu agamula kale mlandu, ndipo mlongoyo alibe pokadandaula. Ifeyo sitinalankhule liwu lililonse, komabe n'zovuta kunena kuti lamulo lachisanu ndi chinayi, loletsa umboni wonama, silikutikhudza. Chimodzimodzi kusuntha "Amen" wamphamvu kuchoka pamene anamveka n'kukamuika pa mfundo imene mpingo unangoti zii. Tikuona kuti nkhope za anthu ziyenera kukhala pa nthawi imene zinajambulidwa, ndipo pa nkhani zolemera kuli bwino kuonetsa mpingo wonse chapatali, kapena Baibulo lotsegula, kusiyana ndi kulunjika munthu mmodzi.

Kudula chete nakonso n'kofunika kukuganizira. Mapulogalamu ena tsopano amachotsa okha mipata yonse imene munthu sakulankhula, ndipo pa zolengeza zimathandizadi. Koma mayi wa Dorika akamapereka umboni wa mmene anapirira maliro a mwana wake, n'kuima masekondi asanu akumeza malovu, mpata umenewo ndi gawo la umboniwo. Tikauchotsa, mayiyo amamveka ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Ife a zauphunzitsi tiyenera kuzimvetsa msanga zimenezi. Mary Budd Rowe, wofufuza za maphunziro wa ku America, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ophunzira amatalika ndipo oyankha amachuluka. Woonera kanema nayenso amafuna mpata woti mawu amulowe. Tichotse kukoka mipando, kufunafuna maikolofoni ndi kuyesa kiyi ya nyimbo katatu. Kupuma kwa munthu amene akulimbana ndi misozi tikusiye mmene kulili.

Pomaliza pake pamabwera funso la amene adzaonere. Si onse ali ndi laputopu ndi intaneti ya pa koleji. Ambiri ndi makolo athu, akulu a mpingo ndi achinyamata a kumudzi, amene amagula bandulo yochepa n'kumaiwerengera. Kanema wa 720p amaoneka bwino lomwe pa foni ndipo sadya bandulo ngati wa 1080p kapena 4K. Ulaliki wa mphindi 45 ungatumizidwenso ngati mawu okhaokha kwa amene akufuna kungomvera ali kumunda. Zilembo zikhale zazikulu, mavesi akhalitse pa sikirini mpaka munthu wowerenga pang'onopang'ono amalize, ndipo mayina a oimba tiwafunse eni ake kalembedwe kake. Tisanatumize, tibwereke foni yotsika mtengo ya mnzathu, tichotse mahedifoni, tionere kanemayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sipika yaing'ono ija ndi imene idzatiuze ngati a besi akumvekabe m'kwaya, kapena ngati piyano yathu yameza pemphero la abusa.