Kodi vidiyo ya ku Chikweo si sinema?

Ku Britain, kampani yopanga filimu imachepetseredwa msonkho, nthawi zina kubwezeredwa kumene gawo la ndalama zomwe yawononga. Dongosololi lidayamba mu 2007, ndipo pa zinthu zomwe lamulo lake lidafuna, chimodzi chandikhala m'mutu sabata yonse: filimuyo ikhale yoti eni ake akufuna kukaionetsa ku sinema.

Nanga boma lingadziwe bwanji zomwe zili mumtima mwa munthu? Akuluakulu a msonkho a kumeneko, a HMRC, amayang'ana pa mapepala. Amaona ndondomeko ya chuma cha filimuyo, mapangano ndi ogulitsa mafilimu, ngakhalenso momwe ochita sewero akulipidwira, ngati ndi mitengo ya sinema kapena ya wailesi yakanema. Lamulo likuti filimu ionetsedwe kwa anthu olipira pakhomo pa sinema yochita malonda, ndipo gawo looneka la phindu lichokere kumeneko. Gawo lookalo a HMRC adati ngakhale 5 peresenti ikukwana.

Ine ndine wa ku Chikweo, m'boma la Machinga, chakufupi ndi nyanja ya Chiuta. Kwathu kulibe nyumba yomwe a HMRC angaitche sinema. Koma anthu olipira pakhomo alipo, ndipo ndi ambiri. Pitani pamsika madzulo mukamve zimkuzamawu zikulira m'tinyumba ta vidiyo, ana ndi akulu atathithikana pa mabenchi, wina atagwira nsalu ya pakhomo kutolera ndalama. Filimu ya ku China kapena ku India imafika italowetsedwa kale mawu a Chichewa, womasulirayo akuwonjezeramo nthabwala zake. Anthu amenewa amalipira tsiku ndi tsiku kuti aonere limodzi mumdima. Ngati imeneyi si sinema, ndiye ndi chiyani?

Taganizirani za The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya nkhani ya William Kamkwamba yomwe Chiwetel Ejiofor adajambula ku Kasungu. Mawu ambiri m'menemo ndi a Chichewa, koma pa mapepala ndi filimu ya ku Britain, moti dzikolo ndi lomwe lidaitumiza ku mpikisano wa Oscar. Idayamba kuonetsedwa ku Sundance mu 2019, kenako Netflix n'kuifalitsa. Ambiri mwa ife tidaionera pa foni kapena pa kompyuta ya mnzathu.

Kuno kwathu Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat, kenako The Road to Sunrise mu 2017. Anthu ngati iyeyu akamapempha boma kuti liwapepukitsire msonkho ndimawamvetsa, chifukwa kamera ndi zida zojambulira mawu zimachokera kunja. Mantha anga ndi akuti tsiku lomwe aphungu adzakhale pansi kulemba lamulo lotere, adzangokopera la Angerezi ndi mawu ake omwe, monga tichitira ndi malamulo ambiri. Akadzalemba kuti “sinema”, filimu yopindula idzakhala yoonetsedwa usiku umodzi mu holo ya hotela ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pomwe mnyamata wojambula sewero la Chiyao loti lionetsedwe ku Chikweo, ku Nselema ndi ku Ntaja adzauzidwa kuti yakeyo si filimu.

Ndikudziwa chomwe a MRA angayankhe, ndipo sangalakwe: ndalama ya pa vidiyo ilibe lisiti. Mwini kanyumba amakopera filimu pa fulashi, wopanga filimu osaonako ngakhale tambala. Koma mpata uli pomwepo. Lamulo litati wopanga filimu achepetseredwe msonkho akaonetsa mapangano ndi eni mavidiyo olembetsedwa, iye mwini angayende msika ndi msika kukawasaka, ndipo mwini vidiyo wa ku Chikweo angapeze chifukwa cholembetsera ndi kusunga kabuku ka anthu olowa.